Musanagule TNF-alpha ndi IL-6, yang'anani izi

Achemwali, ndaona funso lanu. Mwati mukufuna kuthira TNF-alpha ndi IL-6 za munthu, mapuloteni otumiza uthenga pakati pa maselo a chitetezo cha m'thupi, pa maselo a endothelial, aja a m'kati mwa mitsempha ya magazi, kuti muone mmene ICAM-1, puloteni yomata ya pakhungu la maselowo, imakwerera pa kafukufuku wanu wa malungo a muubongo, ndipo mukufunsa ngati mungogula zotchipa.

Mtengo uyambe wadikira. Pemphani kaye certificate of analysis, pepala la zotsatira za mayeso a kampani, ya lot (gulu lopangidwa nthawi imodzi) yeniyeniyo yomwe akutumizireni, ndipo maso anu athamangire pa mzere wa endotoxin. Mapuloteni ambiriwa amapangidwa m'mabakiteriya a E. coli, ndipo LPS ya pakhungu la mabakiteriyawo, yomwe ndiyo endotoxin ija, imatha kutsalira m'botolo. LPS nayo imadzutsa maselo a endothelial kudzera pa TLR4, puloteni ya pa maselowo yozindikira LPS, ICAM-1 n'kukwera ndithu, inu n'kumati ndi TNF pamene ntchito yagwiridwa ndi litsiro. Makampani ambiri amalemba kuti endotoxin siyifika 1 EU (muyeso wa endotoxin) pa µg imodzi ya puloteni. Mukapeza ya pansi pa 0.1, tengani imeneyo ngakhale idule pang'ono. R&D Systems, PeproTech ndi BioLegend onse amalemba zimenezi poyera. Wogulitsa amene sakuonetsa pepalali, kapena ED50 yosonyeza mphamvu ya puloteniyo, musiyeni.

Ngakhale pepala litakhala labwino, dziyesereni nokha. Wiritsani kagawo kena ka TNF, mukathire pa maselo m'chitsime (well) chapadera cha mbale yolerera maselo. Puloteni imafa ndi moto koma LPS siyifa, choncho ICAM-1 ikakwerabe pamenepo, mwadziwa chomwe chikuikweza. Polymyxin B, yomwe imamanga LPS, imathandizanso pa mayeso omwewa.

Pa TNF-alpha, yopangidwa mu E. coli ndi yokwanira, musataye ndalama pa yopangidwa m'maselo a munthu otchedwa HEK293. Koma IL-6 ndiyo ndikufuna muimvetse bwino. Maselo ngati HUVEC, a endothelial ochokera mu mtsempha wa mchombo, ali ndi gp130 yolowetsa uthenga wa IL-6 m'selo, koma IL-6R, yomwe imagwira IL-6, ya pakhungu lawo ndi yochepa kwambiri, moti IL-6 yokha ingathe kusachita kanthu, inu n'kuganiza kuti mwagula yakufa. Muitanitse pamodzi ndi soluble IL-6R, IL-6R yosungunuka yosamatirira pa selo, muzithira zonse ziwiri.

Musagule zambiri. Ambiri amagwiritsa ntchito TNF pa 10 ng/mL, ndiye kabotolo ka 10 µg kakukwanira lita yathunthu ya medium, madzi olerera maselo. Ngati ntchito ndi yaitali, ndi bwino kutenga timabotolo tiwiri ta lot imodzi kusiyana n'kusintha lot pakati pa kafukufuku. Muitanitsenso yaufa, youmitsidwa ija, osati yamadzi, chifukwa phukusi likachedwa panjira masiku angapo ufawo umapirira.

Ikafika, izungulitseni pang'ono mu centrifuge musanatsegule, poti ufawo umakakamira pachivindikiro ndipo suoneka n'komwe. Sungunulani monga pepala lanenera, nthawi zambiri 100 µg/mL, ndipo musaike pa vortex, makina okhutchumula mwamphamvu aja. Ngati mwagula carrier-free, yopanda puloteni ina yoiteteza, onjezani BSA (puloteni ya m'magazi a ng'ombe) ya 0.1% mukamachepetsa mphamvu yake, apo ayi puloteniyo imamatirira m'mbali mwa chubu n'kutha osaiona. BSA yakenso ikhale ya endotoxin yochepa.

Apa ndiye pomwe ine ndinapsa. Ndili wophunzira ndinasunga IL-1beta yanga yonse, puloteni ina ya gulu lomweli, m'chubu chimodzi, n'kumaisungunula ndi kuiumitsanso sabata iliyonse, ndipo patapita miyezi iwiri maselo anasiya kuyankha. Zinandipweteka kwambiri chifukwa ndinabwereza ntchito yonse. Inu gawani m'timachubu ta ntchito ya tsiku limodzi, mulembe tsiku ndi lot, muike pa -80 °C mufiriza yolumikizidwa ku jenereta, poti magetsi kwathu kuno mukuwadziwa. Firiza yodzisungunulira yokha madzi oundana musaikemo, ndipo pachitseko musaikepo.

Mukayamba, yesani mphamvu zingapo, monga 0.1, 1 ndi 10 ng/mL, ndipo muwerenge pa maola 6 ndi 24, chifukwa E-selectin, puloteni ina yomata ya pa maselowa, imakwera msanga n'kutsika pamene ICAM-1 imakhalabe pamwamba. Ndiuzeni mtundu wa maselo omwe muli nawo, HUVEC kapena a muubongo ngati hCMEC/D3, kuti tione limodzi za medium ndi serum.