Kodi kutopa ndi ntchito sikukwanira kulimbitsa thupi?

Mayi wina amene ali ndi golosale ku Luchenza wanditumizira imelo. Akuti kuchipatala anawapeza ndi BP yokwera, ndipo anawalangiza kuti azichita masewera olimbitsa thupi komanso azidya zakudya za magulu onse. Funso lawo ndi ili: "Ine ndimaweruka nditatheratu, nanga kutopa kumeneku si masewera kale? Ndipo zakudya za magulu si za anthu a ndalama?"

Mayi, zoti mumatopa sindikukana. Koma kukhala pampando kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kuwerenga chenji ndi kukangana ndi angongole, kumatopetsa msana ndi mutu, pomwe mtima sunagwire ntchito yoonjezera. Amene amathyola tiyi m'minda ya ku Thyolo, dengu kumsana, kukwera ndi kutsika zitunda, amenewo akanandifunsa ndikanati zawo zakwana. Inu ayi.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza munthu wamkulu kuti azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndiye kuti mphindi 30 pa tsiku kwa masiku asanu. Palibe akunena kuti mukathamange nawo mpikisano wa Porters Race m'phiri la Mulanje. Kuyenda ndawala kukukwanirani, bola muzipuma mofulumirirapo koma mukutha kuyankha moni panjira. Mukamayenda chonchi mtima umalimba, mitsempha ya magazi imamasuka, minofu imagwiritsa ntchito shuga wa m'magazi, ngakhale tulo timabwera bwino. Poyambira pake n'posavuta: wakabaza amene amakutengani m'mawa uja, muuzeni azibwera madzulo okha.

Za chakudyazi ndiye ndikutsutsani ndithu. Magulu asanu ndi limodzi amene a zaumoyo amaphunzitsa ndi zokhutitsa, zanyemba, zanyama, masamba, zipatso ndi zamafuta. Kwathu kuno ndi gulu liti lomwe likusowa? Nandolo ali m'munda uliwonse. Nthochi za ku Thyolo, chinanazi cha ku Mulanje, mapeyala omwe nthawi yake ikakwana amangogwa okha, nkhwani wotendera, bonongwe, kausipa ka pamsika. Masamba a pa Bvumbwe amakadyetsa anthu a mu Limbe ndi Blantyre, ife eni ake tikuwaona ngati ndiwo za tsiku lomwe zinthu zavuta.

Vuto lathu lili pa kagawidwe ka m'mbale: mitanda ya nsima itatu, ndiwo zongopakira. Chotsani mtanda umodzi, malo akewo muike masamba ndi nyemba. Nthochi, mapeyala ndi nyemba zili ndi potaziyamu wambiri, amene amathandiza kutsitsa BP. Mchere ndi umene umaikweza. WHO imati tisafike magalamu 5 pa tsiku, pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi, ndipo muwerengeremo wa mu nsomba zouma, mu buledi ndi mu timakyubu tokometsera ndiwo, tomwe mwina mumagulitsa nokha m'golosalemo.

Tiyi sindikuletsani, tingakhale bwanji osamwa chomwe timalima? Ingochepetsani shuga pang'onopang'ono, ndipo muzimwa patapita ola mutadya, chifukwa tiyi amalepheretsa thupi kutenga bwino ayironi wa m'masamba ndi nyemba, amene amathandiza kupanga magazi.

Ngati anakupatsani mapilitsi a BP, musawasiye chifukwa choti mwayamba kuyenda ndipo mukumva bwino. BP nthawi zambiri siipweteka paliponse. Muzikayezetsa pa tsiku lomwe anakuuzani, ndipo mukamva kupweteka pachifuwa kapena chizungulire poyenda, imani, mukaonane ndi adokotala musanapitirize.