Mach3 kapena zaulere? Yankho kwa achimwene a ku Ntcheu

Imelo yandifika sabata ino kuchokera kwa kalipentala wina wa pa Ntcheu boma. Waitanitsa makina ang'onoang'ono a CNC, oyendetsedwa ndi kompyuta, osemera matabwa, wogulitsa wamuponyeramo CD ya Mach3, pulogalamu yoyendetsera makinawo, m'katoni, ndiye akufunsa ngati alipire laisensi kapena asamukire ku mapulogalamu aulere amene amamva anthu akuwatama. Achimwene, mwanditokosa pachilonda, ndiye mupirire, ndilankhula zambiri.

Makina anga oyamba anabweranso choncho, CD yopanda chizindikiro, yongolembedwa ndi maka. Wogulitsa anati zonse zili momwemo, laisensi ndi zonse. Ndinayesa tizikwangwani ting'onoting'ono, zinayenda bwino. Kenako panabwera bambo wina amene ankamanga nyumba ku Bembeke, akufuna chitseko cha mlombwa cha maluwa pakati. Thabwa analipeza yekha, louma bwino, lofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Ndinalimanga pa makina m'mawa wa mwezi wa June, chisanu cha Dedza chili pachimake, zala zikukanika kugwira sipanala. Makina anayamba bwinobwino, duwa loyamba likuoneka, basi zii, ayima. Spindle, mota yozunguza kampeni kosemera, ikuzungulirabe pamalo amodzi, kautsi kakutuluka, fungo la thabwa lopserera ladzaza shopu yonse. Mach3 yopanda laisensi yeniyeni imangowerenga mizere 500 ya G-code, malangizo ouza makina moyenda, ikafika pamenepo imayima. Maluwa aja anali ndi mizere zikwizikwi. Wogulitsa uja nditamuimbira anati ndizimitse ndiyatsenso. Tsiku lotsatira foni sinkayankhidwanso.

Apa ndisawanamizire amene anapanga Mach3. Pulogalamu yawo ndi yabwino, yasema matabwa dziko lonse kwa zaka zambiri, ndipo mtengo wake, madola pafupifupi 175, sabisa. Koma ndi yokalamba. Ikamalankhula ndi makina kudzera pa parallel port, dzenje lalikulu la mapini 25 lija, imafuna Windows ya 32-bit, yomwe masiku ano muyenera kuchita kuisaka. Yatsopano yake, Mach4, ndi madola 200 kwa wongogwiritsa ntchito kunyumba. Ndiye madolawo muwapeza kuti? Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, ndalama zakunja sizinabwererenso mwakale, ndipo kulipira kanthu pa intaneti ndi khadi la ku banki ndi nkhani ya mawa mubwerenso.

Chimene anthu ambiri amasokoneza n'chakuti pali mapulogalamu atatu. Ina ndi yojambulira. Ina imatenga chojambulacho n'kukonza njira imene kampeni kadutse, kuya kwake ndi liwiro lake, n'kutulutsa G-code. Yachitatu, imene mukufunsayi, ntchito yake n'kungowerenga G-code n'kuuza mamota kuti azungulire masitepe angati. Mzere wakuti G1 X100 F1500, kaya wawerengedwa ndi pulogalamu ya madola 200 kaya yaulere, kampeni kafika pa mamilimita 100 omwewo. Kasitomala akamasisita chitseko ndi dzanja sangadziwe. Ndiye n'kulipiriranji zambiri pamenepa? Ine ndinakana, ndipo mmene zaka zikupita m'pamene ndikukanitsitsa.

Ndinasamukira ku GRBL, pulogalamu yaulere yoyendetsera makina. Anaiyamba ndi munthu wa ku Norway, Simen Svale Skogsrud, mu 2009, ndipo imakhala m'kabolodi ka Arduino Uno, komwe ana a sukulu za umisiri amaseweretsa kaja. Imayendetsa mbali zitatu, X, Y ndi Z, zokwana pa zitseko, zikwangwani ndi zokongoletsera mabokosi a maliro. Pa laputopu yakale mumaikapo Candle kapena Universal Gcode Sender zotumizira G-code ku bolodiyo, nazonso zaulere. Mukalemba $$ imakuonetsani manambala onse a makina anu, $100, $101 ndi $102 kukhala masitepe a mota pa milimita imodzi. Anga ndinawalemba ndi bolopeni kuseri kwa chitseko cha shopu. Bolodi itapsa nthawi ya ziphaliwali, ndinagula ina, kuikamo GRBL, kukopera manambala a pachitseko, madzulo makina akulira. Palibe amene ndinamupempha chilolezo.

Mwa njira, pali amene amati makinawa athetsa ntchito ya osema pamanja. Akafike ku Mua, ku Kungoni kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, akaone nkhope zimene anthu amatulutsa pa chipika ndi sompho ndi chizulo. Makina anga sangayandikire n'komwe. Chimene amatha ndi kulemba "Takulandirani" kakhumi mofanana ndendende, ndipo ndalama yake ili pamenepo.

Musaganize kuti zaulere zilibe minga. GRBL imadalira waya wa USB, ndipo wowotcherera wa khomo loyandikana akangoyatsa makina ake, kulumikizana kumatha kuduka ntchito ili pakati. Mankhwala ake ndi waya wamfupi wotetezedwa bwino, ndi kukhomera chitsulo cha earth pansi, osati pulogalamu ina. LinuxCNC, inanso yaulere, yomwe inachokera ku ntchito ya bungwe la boma la America la NIST, ndi yamphamvu kwambiri, imatha mbali mpaka 9, koma imafuna kompyuta yakeyake ndi mtima wodekha pokonza mafayilo a .ini ndi .hal. Ikavuta palibe nambala yoimba. Mumawerenga mayankho a anthu m'Chingerezi usiku, bandulo ikutha.

Nanga magetsi akathima? Apa yogula ndi yaulere zimagwa chimodzimodzi. Chokupulumutsani ndi timaswitchi ta homing m'mapeto mwa mbali iliyonse. Magetsi akabwera mumalemba $H, makina amapeza ngodya yawo, ndipo GRBL imakhala ikukumbukira pamene munaika ziro pa thabwa. Popanda timaswitchi timeneti muziyeza ndi diso, ndipo diso limanama.

Ngati muli ndi madola oti muwononge, apite ku pulogalamu yachiwiri ija. VCarve ya kampani ya Vectric ya ku England mumagula kamodzi, siifuna intaneti pogwira ntchito, ndipo pa zilembo ndi maluwa imakupulumutsirani maola. Fusion 360 ya bizinesi imalipiridwa mobwerezabwereza ndipo imafuna netiweki, zomwe kwathu kuno n'kudziputira mavuto. Poyambira, Inkscape ndi F-Engrave, zonse zaulere, zikukwanirani.

Tsono muchite chiyani

Tsegulani bokosi la magetsi la makinawo muone bolodi. Ngati ili ndi dzenje la mapini 25, LinuxCNC iyendetsa bolodi yomweyo, mungopeza kompyuta yakale ya padesiki. Ngati ndi kabolodi kofiira ka USB, kanapangidwira Mach3, ndiye lipirani laisensi yeniyeni kapena kachotseni muike ya GRBL. Mamota ndi madiraiva ake atsala omwewo. Ya pa CD ija musaidalire pa thabwa la kasitomala. Jambulani bolodiyo moti zolembedwa zake zioneke, munditumizire, ndikuuzani waya uti apite pati.