Za madirowa a kumbuyo kwa galimoto

Achimwene, mwafunsa ngati pulayiwudi wa mamilimita 12 angakwanire kupangira madirowa, komanso ngati njanji zachitsulo zoyendapo madirowawo n'zofunikadi. Wa 12 ndi wabwino pa madirowa enieniwo, koma pamwamba ikani wa 18, poti ndi pamene mudzasanjikepo katundu. Misomali yokha musaidalire. Pakani guluu, kenako mumange ndi masikuluwu, chifukwa kugwedezeka kwa pamsewu kumazula misomali pang'onopang'ono.

Njanji mukhoza kuzisiya. Anga oyamba ndinangowapaka kandulo kunsi ndipo ankatsetsereka bwino ndithu, mpaka tsiku lomwe ndinadzazamo jeke ndi masipanala. Apo ndinkachita kukoka ndi manja awiri. Ngati muzinyamula zolemera, gulani njanji zokhala ndi loko, kuti dirowa lisamatseguke lokha mukaima pamtunda.

Chomwe chandidetsa nkhawa n'choti simunatchule zomangirira. Chonde, bokosi lonselo limangeni ndi mabawuti pa zingwinjiri za pansi zija zomangirapo katundu. Mukaponda buleki mwadzidzidzi, bokosi losamanga limathamangira kutsogolo komwe kwakhala anthu.

Musanadule thabwa, yezani pakati pa zotumphuka za matayala, muyezenso m'lifupi mwa khomo la kumbuyo, mutenge muyeso wocheperawo.