Rimoti yatsopano, koma geti silikutseguka

Funso: Bambo, ndine mayi wa ku Area 47 ku Lilongwe. Rimoti ya geti lathu lamagetsi inagwera m'ndowa ya madzi, ndiye ndinagula ina yofanana nayo. Ndikadina, kagetsi kofiira kakuyaka koma geti silikusuntha. Nditaitsegula ndapeza timaswitchi 8 tandandana, pamwamba palembedwa ON. Kodi andigulitsa yakufa?

Yankho: Mayi, musaibweze kaye. Timaswitchi timeneto amati ma DIP switch, ndipo ndi tomwe tili ngati mano a kiyi. Kalikonse kamakhala ku ON kapena ku OFF. Mukadina, rimoti imatumiza ndondomeko imeneyo pa mafunde a wailesi, ndipo kabokosi kolandira uthenga ka pa mota kamatsegula geti pokhapokha ndondomekoyo ikafanana ndi yake.

Ndiye yonyowa ija musaitaye. Itseguleni, muiike pambali pa yatsopanoyo, mawu oti ON ali kumtunda pa zonse ziwiri. Chotsani batire, kenako muzisuntha timaswitchi ta yatsopanoyo kamodzikamodzi kuyambira pa nambala 1, mukuonera pa yakaleyo. Ine ndimagwiritsa ntchito chotokosera m'mano. Pensulo ayi, chifukwa nsonga yake imasiya fumbi lakuda lomwe limadutsitsa magetsi. Kankhani mpaka kafike kumapeto. Tsiku lina ndinapsa ndi dzuwa masana onse pageti lina ku Chilomoni, ndikusintha mabatire, osadziwa kuti ka nambala 6 kanaima pakati. Zikakanabe, onani nambala ya mafunde a wailesi yolembedwa kumbuyo kapena m'kati mwa rimoti: ngati yakale ndi ya 433.92 MHz, yatsopanonso ikhale yomweyo.

Koma pali china chomwe chimandidetsa nkhawa. Timaswitchi 8 ta mbali ziwiri timapereka ndondomeko 256 zokha, ta 12 timapereka 4,096. Munthu wa maganizo oipa akhoza kuziyesa zonse 256 ali m'galimoto panja pa mpanda wanu. Choipa kwambiri n'chakuti ena oika mageti amangosiya momwe zinabwerera kuchokera ku fakitale, tonse ku ON kapena tonse ku OFF. Mukapeza zili choncho kwanu, zimitsani magetsi a mota, muchotsenso waya wa batire lake, musankhe ndondomeko yanuyanu m'kabokosi kaja ndi m'marimoti onse apakhomo, n'kuilemba m'kope. Ndalama ikapezeka, uzani amisiri akuikireni kabokosi ndi marimoti a rolling code, omwe amasintha nambala nthawi iliyonse mukadina.