Anyezi wamkulu wa saladi: pezani wogula musanafese

Funso: Ndine mayi wa ku Bembeke m'boma la Dedza, ndipo ndili ndi dimba m'mbali mwa mtsinje momwe ndimalimamo kabichi ndi kachewere. Mchemwali wanga amene ali ku Britain wanditumizira mbewu ya anyezi yotchedwa Ailsa Craig. Akuti mutu umodzi umadzadza manja awiri ndipo sawawa, ndi wodyera mu saladi. Ndikufuna kutenga ngongole ku banki m'khonde kuti ndilime dimba lonse, ndizikagulitsa m'mahotela ku Lilongwe. Ndiyambe bwanji?

Yankho: Mayi, zikomo pondilembera musanatenge ndalamayo, chifukwa mbewu imene muli nayoyo ikanakugwetsani m'ngongole. Mchemwali wanu sananame ayi. Ailsa Craig ndi anyezi wakalekale wa ku Scotland, dzina lake analitenga ku kachilumba kena ka kumeneko, ndipo kwawoko amakuladi modabwitsa. Koma anyezi ali ndi khalidwe limene alimi ambiri sitilidziwa: amayamba kupanga mutu potengera kutalika kwa usana. Ailsa Craig amafuna usana wa maola 14 kapena kuposa, ndipo ku Scotland mu June kumakhala kowala maola oposa 17. Kuno kwathu usana umangosewera pakati pa maola 11 ndi 13 chaka chonse. Mukafesa mbewuyo idzamera bwinobwino, masamba adzabiriwira, anansi adzayamba kukusirirani, koma mukadzafukula mudzapeza khosi lonenepa lopanda mutu wooneka. Feteleza ngakhale achuluke bwanji sangatalikitse usana. Fesani kabedi kamodzi kuti muone ndi maso anu, masambawo mudzadyera ndiwo, koma musaikepo ndalama ya ngongole.

Maganizo anuwo sindikuwataya. Anyezi wamkulu wosawawa amene amagwirizana ndi usana wathu alipo, ndipo wodziwika kwambiri ndi Texas Grano, wa khungu lachikasu, amene mbewu yake imapezeka m'masitolo a zipangizo zaulimi. Pogula yang'anani deti pa paketi kapena pa chitini, chifukwa mbewu ya anyezi siichedwa kufa. Ikagonera chaka imamera mwa apo ndi apo.

Tsono nkhani yaikulu imene ndikufuna tikhalepo ndi ya msika. Chimene chimamukometsa anyezi ameneyu mu saladi ndi madzi ochuluka amene ali nawo, ndipo madzi omwewo ndi amene amamuwoletsa msanga. Anyezi wofiira wa Red Creole, uja woliza misoziyu, mukamuumitsa bwino mutha kumusunga miyezi ingapo n'kumutulutsa nthawi ya dzinja mtengo utakwera. Texas Grano sadikira choncho. Pakatha mwezi umodzi kapena iwiri amayamba kufewa pakhosi kapena kuphuka. Ndiye taganizani: alimi a m'madimba a ku Dedza ndi Ntcheu amakolola nthawi imodzi, kuyambira cha mu September mpaka November, anyezi n'kudzaza pa Lizulu ndi m'misika yonse ya m'mbali mwa msewu wa M1. Mavenda amadziwa kuti wa anyezi wofewa sangabwerere naye kunyumba, choncho mtengo amatchula ndi iwo.

Ndinaziona ndekha tsiku lina la msika. Bambo wina anali ndi matumba a anyezi wamkulu wokongola kwambiri, koma anamuika m'matumba a feteleza osapita mphepo. Venda anapisa dzanja pansi pa thumba, natulutsa mutu umodzi, n'kuudina pakhosi ndi chala chachikulu. Munatuluka madzi onunkha. Mtengo unatsika pomwepo, ndipo bamboyo anangoti kukamwa yasa, chipewa chili m'manja. Anagulitsa, chifukwa akanachitanso chiyani?

Chinanso, mayi wogula pamsika amafuna mulu wa tianyezi tinayi kapena tisanu toti aziduladula m'ndiwo sabata yonse. Mutu umodzi waukulu akaudula theka, theka linalo limafota. Choncho ogula anu enieni ndi ena: malesitilanti, malo ogona alendo, ophika pa maukwati ndi pa misonkhano, ndi anyamata a chiwaya amene amaika saladi wa kabichi, tomato ndi anyezi pambali pa tchipisi. Musawapeputse a chiwayawa. Amagula pafupipafupi, amalipira pompopompo, ndipo ali pafupi nanu pa Dedza boma pomwepo. Mahotela akuluakulu a ku Lilongwe nthawi zambiri amakhala kale ndi owaperekera katundu, amafuna wobweretsa sabata iliyonse osadumphitsa, ndipo ena salipira tsiku lomwelo. Musanagule ngakhale paketi imodzi, yendani. Lankhulani ndi amene amagula zakukhitchini, mufunse makilogalamu amene amatha pa sabata, mtundu umene amakonda, ndi tsiku limene amalipira. Mukapeza atatu kapena anayi okuuzani zomveka, mwadziwa kukula kwa malo oti mulime. Ndipo pochita nawo malonda muzigulitsa pa sikelo, osati pa mulu kapena pa ndowa, chifukwa phindu la anyezi wamkulu lili m'kulemera kwake.

Za ngongoleyo, mtima wanga sukuvomera. Ndalama ya banki m'khonde kawirikawiri imabwezedwa m'mwezi umodzi kapena miyezi yochepa, chiwongoladzanja chikuwerengedwa mwezi ndi mwezi. Anyezi kuchokera tsiku lofesa kufika tsiku logulitsa amatenga pafupifupi miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Miyezi yonseyo muzidzabweza ndi chiyani? Mudzayamba kugulitsa kachewere wosakhwima kapena mbuzi kuti musachite manyazi pagulu. Ine ndikadakhala inu, chaka choyambachi ndikadatenga mpamba kuchokera pa kabichi, n'kupatula gawo limodzi mwa magawo anayi a dimba. Gawo limenelo ndikadaligawanso pawiri, kwina Texas Grano wogulitsa msanga, kwina Red Creole wosunga.

Kuwerengera kwake n'kosavuta. Bedi la mita imodzi m'lifupi ndi mamita 10 m'litali, mizere itatalikirana masentimita 20 ndipo mbande zitatalikirana masentimita 15, limalowa mbande pafupifupi 330. Chotsanipo zina zofa ndi zokhwinyata, kenako muchulukitse ndi mabedi anu. Mbali inayo lembani zonse zimene zidzakudyereni ndalama: mbewu, feteleza, mankhwala, aganyu opalira, matumba, thiransipoti, ngakhale ndalama ya chiphaso cha pamsika. Ambiri amaiwala thiransipoti, pomwe ndi imene imadya phindu la katundu wolemera ngati ameneyu.

Kalimidwe kake inu a kudimba sikachilendo, ndingotchula malo amene anyezi wamkulu amalakwikira. Fesani nazale mvula ikamapita kumapeto, cha mu March kapena April, ndipo musafese tsiku limodzi. Siyanitsani ndi masabata awiri kapena atatu kuti asadzakhwimire pamodzi, makasitomala anu azidzapeza watsopano. Wokerani pakatha masabata 6 mpaka 8, mbande zisanapose pensulo kunenepa. Mbande zokulitsitsa zikakumana ndi chisanu cha ku Bembeke cha mu June ndi July zimathamangira kutulutsa maluwa, ndipo anyezi wotero amakhala ndi mtima wolimba pakati, wophika saamufuna. Musazike mozama. Mutu umakula bwino ukakhala pamwamba, theka likuoneka, choncho musaukwirire ngati kachewere.

Mizu ya anyezi ndi yaifupi, siitha kufunafuna madzi pansi ndipo siilimbana ndi udzu. Thirirani pang'onopang'ono koma kawirikawiri, chifukwa mukamusiya aume kenako n'kumukhuthulira madzi, mutu umagawanika pawiri. Udzu zulani ndi manja pafupi ndi mitu, khasu limavulaza. Manyowa akhale owolerana. Feteleza wa D compound alowe powokera, CAN abwere masamba akamakula, koma mutu ukangoyamba kutupa lekani. Tsamba lililonse ndi chikhungu chimodzi cha mutuwo, ndiye ntchito yokulitsa anyezi imagwiridwa masamba ali aang'ono. Feteleza wochedwa amangonenepetsa khosi, ndipo khosi lonenepa siliuma, ndi pomwe kuwola kumalowera. Kukayamba kutentha, tsegulani pakati pa masamba muyang'ane tizilombo tating'onoting'ono totchedwa thrips, timene timasiya masamba otuwa ngati awazidwa phulusa. Mukationa, kapena mukaona madontho ofiirira pamasamba, pitani ndi tsambalo kwa alangizi a zaulimi a m'dera lanu musanagule mankhwala.

Makosi akayamba kugwa okha siyani kuthirira, ndipo oposa theka akagwa zulani. Muyanikeni pamthunzi popita mphepo kwa sabata imodzi kapena awiri mpaka khosi liume, chifukwa dzuwa la mu October limawaula anyezi wa khungu lopyapyala. Podula masamba siyani kakhosi kotalika ngati zala ziwiri, ndipo muike m'matumba a ukonde, aakulu paokha, apakati paokha. Ovulala ndi a makosi onenepa agulitsidwe sabata yomweyo kapena alowe mumphika wanu.

Mchemwali wanuyo muthokozeni, ndipo ngati akufunadi kukuthandizani, m'pempheni atumize ndalama ya sikelo ndi matumba a ukonde.