Za chithunzi cha mafupa chija, azakhali

Azakhali, mwaswera bwanji kumeneko ku Santhe? Voisi yanu ija ndaimva, yoti mlongo wangayu wayamba zotani kujambulitsa atakoleka dzanja pa mafupa a munthu, pansi n'kulembanso kuti "kukongola kwakeko". Mwafunsa ngati mutu ukuyenda bwino. Ukuyenda, mtima m'malo. Aja si mafupa enieni ayi, ndi pulasitiki. Tachikulitsani chithunzicho muone, pamwamba pa chigaza pali kachitsulo kopachikira, m'zigongono muli mawaya. Kusukulu kwathu kuno m'labu tili nacho chomwecho. Ana a Fomu 1 akachiona koyamba amakanganirana pakhomo pothawa, koma ikamatha temu mupeza achiveka chipewa.

Tsono zoti n'chokongolazo, ine ndimamumvetsa mwanayu, chifukwa akuphunzira zachipatala. Munthu wamkulu ali ndi mafupa 206. Dzanja limodzi lokha, kuchokera apa pomangira wotchi, lili ndi 27. Tatambasulani lanulo, mupinde zala ngati mukusoka fodya. Timafupa tonseto tikuyenda pamodzi, osakhulana, zaka zonse mwalima zija. M'khutu muli kena kochepa kuposa njere ya mpunga, kakangouma osagwedezeka munthu samvanso bwino. Magazi enieniwa amapangidwa m'kati mwa mafupa. Munthu ukaziona zimenezi tsiku ndi tsiku, mantha amatha, umangoti amene anaumba izi anali katswiri.

Koma inunso simunalakwe kunyansidwa. Kwathu kuno fupa la munthu malo ake ndi kumanda, basi. Likaoneka kunja ndiye kuti wina wafukula, ndipo tonse tikukumbuka zija zofukula manda a abale athu achialubino, mpaka boma linakhwimitsa malamulo mu 2016. Chigaza timachionanso pa botolo la mankhwala a mbozi, kutanthauza kuti ukamwa wapita. Ndiye wina akati n'chokongola, thupi lichita tsembwe ndithu.

Anzathu kwina amaziona mosiyana. Ku Mexico, pa 1 ndi 2 Novembala, amakumbukira akufa awo ndi tizigaza ta shuga topaka mitundu, ena amalembapo dzina la malemuyo pachipumi, ana n'kumanyambita. Kwa iwo n'chikondi chimenecho. Ku Czech Republic, m'tauni ya Kutná Hora, kuli katchalitchi kokongoletsedwa ndi mafupa a anthu pafupifupi 40,000, mpaka choikapo makandulo cholendewera kudenga n'cha mafupa. Pamenepo ndiye ayi, ngakhale ine wa sayansi zandipitirira. Anthu aja anali ndi mayina, anali ndi azakhali awo ngati inu, sindiona chifukwa chowasandutsira maluwa a pakhoma.

Chimene chinandigometsa ine ndi cha ku Karonga, kumyuziyamu ija inatsegulidwa mu 2004. Muli chinyama chamakedzana chotchedwa Malawisaurus, mafupa okhaokha ataimikidwa, khosi lalitali, mchira kukathera uko, nthiti kuchita kundanda bwinobwino. Chinkayenda konkuno zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Palibe amathawa, anthu amachita kulimbirana pojambulitsa. Chigaza cha njovu chimodzimodzi, munthu amachigwira n'kumaseka. Zimatiopsa n'zamunthu zokha, chifukwa chigazacho chimaoneka ngati chikukusekerera, ndipo ukudziwa kuti chako chili momwemo pansi pa khungu.

 Tsono mwanayu musamukalipire pagulu lathu la pa foni pano, angachite manyazi n'kutulukamo. Ndimuimbira ndekha madzulo ano kuti achichotse, chifukwa agogo akachiona pa foni ya amalume sagona, ayamba zoti tiitane abusa. Akazijambulitsa ndi anzake akusukulu komweko. Bondo lanu lija likamapwetekabe mundiuze, akabwera pa holide adzalione.