Funsani Amalume: seva ikalira "help!" magetsi atabwerera

FUNSO: Amalume, ndine msungichuma wa bungwe lathu lothandizana pa maliro kuno ku Mufakose, mu Harare. Mwana wa mchemwali wanga anatikonzera kompyuta yakale kuti izisunga maina a mamembala ndi zopereka zawo, ankati ndi seva ya FreeBSD. Mwanayo anapita ku Johannesburg. Lachiwiri magetsi anazima ndili mkati molemba, ndipo atabwera usiku makinawo anangoima pa sikirini yakuda. Palembedwa kuti "Automatic file system check failed; help!" ndipo m'munsi mwake "Enter full pathname of shell or RETURN for /bin/sh". Mnyamata wina wokonza mafoni mtauni akuti afufute zonse aikemo Windows. Ndimulole? Mayi msungichuma, Mufakose.

YANKHO: Mayi, asagwire ngakhale chingwe chake. Maina a anthu anu akadali momwemo, ndipo akafufuta ndiye kuti mudzayamba kuyenda khomo ndi khomo kufunsa amene anapereka mwezi wa June.

Chachitika nchomwe inunso mumachita pa msonkhano. Munthu akapereka ndalama mumayamba mwalemba pa kapepala, kenako mumakopera m'buku lalikulu. Makinawa nawo amayamba asunga zolemba m'memore, n'kumazitsitsira pa disiki pakapita timasekondi. Magetsi akazima pakati pa ziwirizi, buku limatsala ndi mzere wosamaliza. Poyaka, FreeBSD, yomwe imayendetsa makinawo monga imachitira Windows, imatuma pulogalamu yotchedwa fsck kuti iwerengetse bukulo. Zolakwika zing'onozing'ono imakonza yokha mwakachetechete. Ikapeza zomwe ikuopa kugamula payokha, imaima n'kuitana mwini wake. Kulira kwa "help!" ndi kumeneko. FreeBSD inatuluka mu 1993, koma mtundu wake ndi wa Unix yomwe inabadwira ku Bell Labs mu 1969, ndiye banja limeneli linayamba kuzimiridwa magetsi mnyamata wanuyo asanabadwe.

Musanalembe chilichonse, ikani khutu pa bokosilo. Ngati disiki ikugogoda ngati wina akukhoma msomali, kapena pa sikirini pakubwerezabwereza mawu oti "CAM status" ndi "error", zimitsani, mupeze munthu wodziwa kuti ayambe wakopera disiki yonseyo pa ina. Apa ndikulankhula ndi chipsera. Zaka zapitazo, pa kampani ina yosindikiza ku Graniteside, ndinathamangira kukonza disiki yomwe inali kale wefuwefu. Kuwerengetsako kunaimaliza mphamvu, ndipo ntchito ya masabata awiri inapita ndili chiyang'anire. Bwana wake sanandikalipire, anangondipatsa tiyi. Tiyi ameneyo mpaka lero ndimamumva kuwawa.

Ngati ili zii, dinani Enter. Mudzaona chizindikiro cha #. Lembani fsck -fy n'kudinanso Enter. Chilembo f chikuuza makina kuti awerengetse buku lonse osadumpha tsamba, y ndiye "inde" wa mafunso onse omwe akanakufunsani. Idzatenga mphindi zingapo, musaisokoneze, ndipo muchite izi nthawi yomwe mukudziwa kuti magetsi akhalitsa kapena muli pa inveta. Ikamaliza bwerezani lamulo lomwelo mpaka isapezenso chokonza, kenako lembani reboot. Fayilo ina ikasowa pambuyo pake, kasuzumireni mu foda ya lost+found. Kumeneko fsck imaponyako mafayilo omwe yawapeza opanda dzina, n'kuwapatsa manambala.

Pali chinanso chomwe chimabweretsa funso lomweli la /bin/sh, ngakhale uthenga wapamwamba umasiyanako. Ngati mwana uja analumikiza disiki ya USB n'kuilemba mu fayilo ya /etc/fstab, ndiye wina n'kuizula pokasesa, makina amakana kupitirira chifukwa chinthu chomwe anauzidwa kuti chilipo sichikuoneka. Yang'anani kumbuyo, bwezeretsani chingwecho, yatsaninso.

Tsopano za mawa. Ambiri muno mu Harare tinagula inveta ndi sola, nzabwino, koma inveta wamba siuza kompyuta kuti batire latsala pang'ono. Imangofa, seva n'kugwa chimodzimodzi, kungoti mochedwerako. Chofunika ndi UPS, kabokosi ka batire ka kompyuta, yokhala ndi chingwe cha USB cholowa mu seva, pamodzi ndi pulogalamu ya nut kapena apcupsd. Batire likatsika, UPS imanong'oneza seva, iyo n'kutseka buku lake bwinobwino n'kudzizimitsa yokha. Mwana uja akadzabwera pa Khirisimasi mumufunsenso za ZFS, njira ina yosungira mafayilo yomwe inachokera ku Sun Microsystems n'kulowa mu FreeBSD 7.0 mu 2008. Iyo silemba pamwamba pa mzere wakale, imalemba pena n'kusintha cholozera ikamaliza, ndiye magetsi akazima simudzaonanso fsck. Komabe ZFS siletsa mbala kapena mphezi. Komiti ivomereze kugula disiki ina yaing'ono, muzikoperapo kaundula Loweruka lililonse, izigona kunyumba kwa apampando osati mu ofesi momwemo.

FUNSO: Amalume, ndimayang'anira makompyuta pa sukulu ina ku Mabvuku. Seva yathu yasiya kulandira mafayilo. Ndikalemba df -h kuti ndione malo a pa disiki, ikuonetsa 108%. Zingatheke bwanji chidebe kudzaza kupitirira mlomo? Ndafufuta fayilo ya access.log ya nginx, pulogalamu ya webusaiti, yomwe inali yaikulu zedi, koma malo sanabwerere. Mphwanu wa ku Mabvuku.

YANKHO: Mphwanga, makina sanapenge. UFS, njira yomwe seva yako imasungira mafayilo, imapatula 8% ya disiki, yomwe munthu wamba saloledwa kulembamo koma root yekha, akaunti ya woyang'anira makina, ndipo df powerengera imatenga 100% kukhala mlingo wa anthu wamba. Ukaona 108% dziwa kuti mapulogalamu a root adya ndi mbewu yomwe.

Za fayilo wafufutayo: mu Unix, lamulo lofufutira la rm limangochotsa dzina. Malo amabwerera pokhapokha pulogalamu yomaliza yomwe inatsegula fayiloyo itaisiya. Nginx ikadaigwirabe, ndipo ikulembabe m'fayilo yopanda dzina. Lemba service nginx restart, uonenso df, upuma. Tsiku lina usadziwe wagwira ndani, fstat -f /var idzakuonetsa mapulogalamu onse omwe atsegula mafayilo pamenepo. Ulendo wina osafufuta, ingoikhuthula ndi truncate -s 0 kutsogolo kwa dzina lake.

Koma funso lomwe sunandifunse ndi loti inakula bwanji chonchi. Mafayilo a FreeBSD yeniyeniyo, monga /var/log/messages, amadulidwa ndi newsyslog pa nthawi yake. Mapulogalamu omwe waika wekha ndi pkg, ambiri uyenera kuwalembetsa wekha mu /etc/newsyslog.conf, pamodzi ndi fayilo ya pid, yosunga nambala ya pulogalamu, kuti pulogalamuyo iuzidwe kutsegula tsamba latsopano. Ndi mzere umodzi basi. Ukapanda kuulemba, tidzakumananso pano chaka chamawa.

FUNSO: Amalume, nthawi zonse magetsi akabwerera, seva ya pa shopu yathu imaonetsa chaka chakale, ndipo pkg, yoikira mapulogalamu, imakana kutsitsa chilichonse, ikudandaula za satifiketi. Kodi ndi vairasi? Bambo wa ku Highfield.

YANKHO: Bambo, si vairasi, ndi kabatire kooneka ngati kobiri komwe kali pa bolodi lalikulu m'kati mwa bokosimo. Dzina lake ndi CR2032, ka mavoti 3, ndipo ntchito yake ndi kuyendetsa wotchi makina akazima. Kakatha, wotchi imabwerera kumbuyo, ndiye satifiketi iliyonse ya pa intaneti imaoneka ngati nthawi yake sinakwane, makina n'kuikana. Ogulitsa mawotchi amakhala nako. Zulani pulagi kukhoma musanatsegule.

Mukasintha, onjezani mizere iwiri mu /etc/rc.conf: ntpd_enable="YES" ndi ntpd_sync_on_start="YES". Wachiwiriwu ndiye anthu amaiwala. Popanda mzere umenewu, ntpd, pulogalamu yokonza wotchi, ikapeza kuti wotchi yasochera ndi masekondi opitirira 1000 imangogwa ulesi n'kusiya, osakonza. Ngati tsiku lili bwino koma ola likusiyana ndi maola awiri ndendende, vuto ndi chigawo cha nthawi: lembani tzsetup, sankhani Africa, kenako Zimbabwe. Mnzanga wina wa ku Ntcheu amasankha Malawi pa seva iliyonse yomwe wakonza muno, akuti izikumbukira kwawo. Ndinamusiya, poti Harare ndi Lilongwe ola ndi limodzi.